Tsiku Lomwe Anadya Anyezi

Amuna anga sadya anyezi. Chikwatirane, ntchito yawo pachakudya ndi kutola anyezi n'kumuunjika m'mphepete mwa mbale, ngati ndawathirira miyala. Madzulonso sankadya kwenikweni. Kufakitale ya matumba kumene amagwira ntchito amawapatsa chakudya chamasana, ndiye akafika kunyumba ankangolawa n'kunena kuti, "Ndakhuta za kuntchito, mupatse mwana."

Tsiku lina mbale yawo inabwerera yoyera, anyezi yemwe osatsala. Ndinaseka.

"Lero mwatembenuka mtima, bambo?"

Anangomwetulira osandiyang'ana. Mawa lake chimodzimodzi. Kenako ndinawapeza kukhitchini akupala mpoto ndi supuni, ali chiimire, jekete asanavule.

Ndine woyembekezera, ndipo adokotala anawauza amuna angawo ine ndili pompo kuti magazi anga akuthamanga, ndisamamve nkhani zodzidzimutsa. Ndimawadziwa amuna anga: atha kufera m'kati koma osatsegula pakamwa.

Ndinayamba kuona zomwe sindinkaona. Ovolosi ikubwera yopanda fumbi la matumba, koma nsapato zili mbuu ndi fumbi la mumsewu. Lamba anamuboola bowo lina. M'mawa amatulukabe nthawi yomweyo, akuimba mluzu wonama, ine n'kutsala ndi mantha. Munthuyu amatha tsiku lonse kuti, ali ndi njala? Nanga mwana akubwerayu tidzamulandira ndi chiyani?

M'mawa wina ndinaika mpunga ndi nyemba m'kabokosi kakale ka mwana, n'kuwapatsa ali pakhomo.

"Zachiyani izi? Kuntchito timadya," anatero.

"Tengani basi."

"Anzanga akandiseka, mayi."

"Kulikonse kumene mumakhala masana, bambo, muzidya. Anyezi sindinaikemo."

Anayang'ana kabokosiko. Kenako anatseka chitseko, n'kukhala pampando, chipewa chili pabondo.

"Anatichotsa ntchito tonse a mbali yosoka," anatero motsitsa. "Ndimaopa magazi akowo. Unadziwa liti?"

"Tsiku lomwe munadya anyezi."

Ndinkayembekeza kuti atuluka. Koma anatsegula kabokosi kaja pomwepo, m'mawa womwewo, n'kuyamba kudya.