Zimbale Zitatu za a Rowland

Bessie anali atagwada pa kalapeti, akulongedza zimbale za mwamuna wake m'katoni ya nthochi imene anapempha kumsika wa ku Woolwich, pamene mwana wake Cynthia analowa ndi thireyi ya tiyi. Tsiku lotsatira kunkabwera amayi a Mvano kudzakhala pa maliro, ndipo pabalaza pa fulati yawo pankafunika malo a mipando. Mtsikanayo anaika thireyi patebulo, nasolola zimbale zitatu m'katonimo n'kuzikumbatira pachifuwa.

Mayi ake anamuuza kuti azibwezere. Cynthia anayankha m'Chingerezi, monga ankachitira nthawi zonse, kuti zina zonsezo akhoza kukapereka kusitolo ya zinthu zakale, koma zitatuzi sizituluka m'nyumba muno.

A Rowland Namaona anamwalira Lachiwiri. Anagwa pagalaja ya mabasi atangomaliza ntchito, ndipo pofika kuchipatala ku Lewisham anali atasiya kale kulankhula. Ku London ankayendetsa basi, koma kwawo anali mphunzitsi wa sekondale ku Blantyre. Mu 1979 mnzawo wina anawatsina khutu kuti dzina lawo latchulidwa kwa akuluakulu a chipani, ndipo anathawira ku Zambia, kusiya Bessie ali ndi pakati. Patapita nthawi mpingo wina unawapezera malo pa koleji ina ku North Carolina, kum'mwera kwa America. Kumeneko ankatsuka mbale pa kamalo kena kodyera, ndipo Lachisanu lililonse pankayimba anyamata anayi achizungu. Chimbale chawo choyamba a Rowland anachigula m'manja mwa woyimbayo. Ziwiri zinazo anachita kuitanitsa atasamukira ku London.

Gululo silinatchuke. Ogulitsa zimbale ku Lewisham ankangokanda m'mutu akamva dzina lake. Gitala wawo wa mawaya khumi ndi awiri ankalira ngati timabelu tambiri tikugundana, ndipo woyimbayo ankatafuna mawu ngati ali ndi mtedza m'kamwa, moti ngakhale Cynthia, amene anakulira m'Chingerezi, sankamva zimene ankanena. Chimbale chachinayi a Rowland anachibweza kusitolo, ati anyamatawo agulidwa ndi kampani yaikulu ndipo gitala uja amukwirira ndi makina.

Bessie ankadana nazo zimbalezo. Zaka zisanu zimene mwamuna wake anali kunja, iye anachotsedwa ntchito ya unamwino, ankagona pamkeka kwa azakhali ake ku Ndirande, ndipo apolisi ankabwera kudzamufunsa mafunso omwe omwewo mwana ali kumsana. Atafika ku London mu 1984, anapeza mwamuna wake m'kachipinda ku Plumstead ali ndi bedi, poto mmodzi ndi galamafoni. Mumtima mwake anati: ndiye kuti ine ndikulira, munthuyu ankavina. Sanafunsepo kanthu. A Rowland nawo anazindikira, ndipo ankaliza zimbalezo Loweruka lokha, mkazi wawo ali kuntchito kuchipatala.

Pampando wa malemuwo panakhala a Levy, mng'ono wawo, amene anatera ndi ndege dzulo lake kuchokera ku Malawi. Anali atavala jekete la a Rowland chifukwa cha kuzizira, ndipo manja ake anali kuwapitirira. Chifikireni iwo ndi Bessie sanamvane. A Levy anabwera ndi mawu a akubanja ku Domasi, akuti thupi lipite kwawo, malo alipo kale pambali pa manda a mayi awo. Bessie ankafuna manda a ku Plumstead, kumene akanatha kukwera basi Lamlungu lililonse n'kukazula udzu. Ankanena kuti boma linasintha zaka zitatu zapitazo, anzawo onse othawa anapita kukaona kwawo, ena anabwereratu, koma a Rowland ankangoti chaka chamawa, chaka chamawa, osagula n'komwe tikiti. Munthu amene anakana kupita ali moyo, amukweze bwanji ndege ali m'bokosi?

A Levy analandira tiyi, namwa pang'ono, n'kuyambiranso nkhani ija. Anafotokoza modekha kuti iwonso analipira chifukwa cha dzina la mkulu wawo, anachotsedwa ku boma n'kukhala zaka akugulitsa matabwa. Anati mayi awo anamwalira mu 1989 akufunsa ngati basi ya madzulo yadutsa, ndipo a Rowland anangotumiza telegalamu ya mawu ochepa.

"Alamu, sindinabwere kudzakulandani mwamuna," anatero. "Koma ndikabwerera chimanjamanja, ndikawauza chiyani anthu amene anadikira zaka zonsezi?"

"Nanenso ndinadikira," anatero Bessie. "Ndinamupeza mochedwa, ndipo tsopano mukufuna ndimudikirenso."

A Levy anaponya maso pa zimbale zimene Cynthia anakumbatira. Anapempha kuona chimodzi. Pachikuto panali chithunzi cha nyumba ya matabwa yomera ziyangoyango, ndipo kumbuyo anyamata anayi owonda ataima pa njanji. Anachitembenuza kawiri, nachibweza, n'kunena motsitsa kuti kapena ndi zimenezi zinamuiwalitsa kwawo munthu uja.

Cynthia Chichewa ankachimva ndithu, ngakhale lilime lake linali litachitaya. Nkhope yake inasintha. Anachotsa nsalu imene mayi ake anafunditsa galamafoni, nasolola chimbale choyamba chija. Bessie anamukumbutsa kuti pano ndi pa maliro, nyimbo zake ndi za m'buku la kutchalitchi. Mtsikanayo anati akudziwa, koma bambo aang'onowa anena zinthu za a Dadi zimene iye sangazisiye choncho. Anaika singano pa nyimbo yomaliza ya mbali yoyamba.

Chimbalecho chinali chotha ndithu. Chinathetheka ngati chimanga chokazinga, kenako gitala uja analowa, akuthamanga mopepuka pamwamba pa ng'oma. A Levy anadzutsa mutu. Pambuyo pake anavomera kuti kaimbidwe ka mawayako kanawakumbutsa anyamata a magitala amene ankayimba m'mabawa a ku Chileka iwo ali achinyamata. Woyimbayo anayamba kung'ung'udza mawu ake osamveka aja, ndipo Cynthia, ataima pafupi ndi zenera, anayimba pamwamba pake. Sanayimbe Chingerezi. Anayimba zimene bambo ake ankayimba Loweruka lililonse akusita malaya a kuntchito, iye akulemba homuweki pansi.

Limbe. Mapanga. Njuli.

Mawuwo ankawatchula mokhota, mwa mwana wa ku Woolwich, koma ankagwera bwinobwino mu nyimbo, dzina lililonse pamalo pake. Namadzi. Thondwe. Pakati pa mayinawo panali timawu tina ta kondakitala: sunthani kumbuyo, mayi nyamulani mwana, katundu pamwamba. A Levy anaika kapu pansi. Milomo yawo inayamba kutsogola, kutchula dzina lotsatira mtsikanayo asanafikepo. Zomba. Chinamwali.

Bessie anali akadali chogwada pafupi ndi katoni. Msewu umenewo anauyenda kamodzi kokha ndi a Rowland, atangokwatirana, kupita kukaonekera kwa apongozi. Anakumbukira kuti pa Namadzi mwamuna wake anamugulira nthochi kudzera pazenera, basi n'kunyamuka asanalandire chenji, ndipo anaseka mpaka pa Thondwe.

Cynthia anayimba Songani. Nyimbo inali isanathe, gitala anali akukwera kulowa ndime ina, koma iye anatambasula dzanja, nanyamula singano n'kuibwezera koyambirira kwa nyimboyo. Kuthetheka kuja kunayambiranso.

A Levy anafunsa chifukwa chake wadula.

Mtsikanayo anaoneka wodabwa, ngati sanadziwe kuti dzanja lake lachita zimenezo. Anayesa kuyankha m'Chichewa, mawu akumuvuta. "Ndi mmene ankachitira a Dadi. Akafika pa Songani, amasiya simbi, amabweza. Nthawi zonse." Anaonjeza m'Chingerezi kuti Limbe ndi Zomba ankadziwa kuti ndi matauni, koma enawo ankayesa kuti ndi mayina a anzawo a bambo ake. Tsiku lina ali wamng'ono anawafunsa kuti nyimboyi imatha bwanji, ndipo iwo anangoti malaya akupsa.

"Ukachoka pa Songani," anatero a Levy, "siteji yotsatira ndi kwathu."

Anavula magalasi, nawapukuta ndi kumapeto kwa jekete la mkulu wawo kwa nthawi yaitali. Kenako ananena, osayang'ana aliyense, kuti manda a mayi awo amaonekera pamsewu, munthu asanatsike n'komwe basi. Anati iwo ndi amene analemba zimenezo m'kalata chaka chimene boma linasintha, pofuna kukoka mkulu wawo kuti abwere. Tsopano sankadziwa ngati anachita bwino.

Panja basi inadutsa, mazenera n'kunjenjemera pang'ono. Bessie anadzuka pogwira m'mphepete mwa tebulo, mawondo atachita dzanzi. Anayang'ana galamafoni imene kwa zaka khumi ndi zitatu ankaipukuta fumbi osaiyatsa. Anafuna kukwiya kuti munthu uja anamubisira zonsezi, koma anakumbukira kuti iyenso za ku Ndirande sanamuuzepo. Awiriwo ankangopatsana nthawi ya ntchito ndi ya tchalitchi, aliyense atasunga zaka zake zisanu payekha.

Anauza mlamu wake kuti aimbe foni ku Domasi, awauze kuti akumbe. Anati apita onse atatu, ndipo pochoka ku Chileka galimoto ya maliro isadule njira ina iliyonse, idutse pa Limbe. A Levy anagwedeza mutu, nagwira dzanja lake ndi manja awiri.

Nyimbo inali itafikanso pa Zomba. Cynthia sankayimbanso, koma pamene inadutsa Chinamwali dzanja lake linayamba kupita ku singano. Bessie anamugwira pamkono.

"Isiye, mwanawe. Ifike."

Anaima choncho, mayi atagwira mkono wa mwana, singano n'kudutsa malo amene a Rowland ankainyamulira. Pomwepo kuthetheka konse kunatha. Mizere yotsalayo singano inali isanaidyepo chigulireni chimbalecho, ndipo gitala analira moyera, ngati wayimbidwa m'mawa womwewo.