Wogula Weniweni Amabwerera

Amake Themba ankagulitsa tinsomba ta kapenta ndi nyemba pamsika wa Masala, ndipo lamulo lawo linali limodzi: mtengo woyamba suvomerezedwa. Wogula akanyanyala, musiye apite. Ngati ndi weniweni abwerera yekha. Lamulo limeneli ndi lomwe linkadyetsa banja chigulitsireni migodi, amuna awo a Gordon atachotsedwa ukalaliki n'kuyamba kuswera pakhonde ku Chifubu, wailesi pakhutu.

Themba, mwana wawo woyamba, anali pafupi kumaliza maphunziro a makompyuta ku Kitwe. Kufunsira ntchito anafunsira mpaka nsapato kutha, yankho osaoneka. Ndiye anapanga tsamba pa intaneti n'kuikapo mapulogalamu ake kuti olemba ntchito adzionere okha. Loweruka lina anawakakamiza amake kupita ku kafe ya m'tauni, kumene umalipira kuti ukhale pa kompyuta, akaone.

Iwo anaima kumbuyo kwake, chikwama m'khwapa, mapazi akuwawa. Tsambalo linkatseguka mwaulesi ngati minibasi yodikira kudzaza. Themba analoza pulogalamu yogawa mashifiti a antchito, kenako ina yochenjeza zipangizo zikamatha m'sitolo. Amake sanatolepo kanthu, koma kuyala malonda ankakudziwa. Anafunsa ngati munthu angayese zimenezo osalipira. Themba anati inde, alawe kaye. Anafunsanso za nambala inali pansipo, chifukwa inkaoneka ngati yawo. Inalidi yawo. Nyumba yonse foni inali imodzi, ija ankaitanitsira kapenta ku Mpulungu.

“Wina akaimba, amama, mungomuuza kuti ndimuimbira ndine. Basi.”

Anayankha kuti amva, azipita, malonda awasiyira Salome wa benchi yoyandikana ndipo Salome dzanja lake n'lolemera pa mbasela, kaja koonjezera wogula mwaulere.

Foni inalira Lachitatu masana. Anali bambo wina, a Nicodemus, a kampani yokonza mapampu kwa eni migodi atsopano. Anayamba m'Chingelezi, amake Themba n'kuwabweza m'Chibemba, nkhani n'kuyenda. Bamboyo anati pulogalamu ya mashifiti ija waiona ndipo yamusangalatsa. Mnyamatayo abwere ayesedwe miyezi itatu. Malipiro palibe, koma ndalama ya basi ndi nkhomaliro azipatsidwa, zinazo zidzaoneka pambuyo.

Amake Themba anaika pansi mbale yoyezera. Zaka zonse zija akununkha kapenta kuti mwana aphunzire, lero munthu akufuna kumunyamula ngati mapesi.

“Pa intanetipo mwalawa kale, bambo. Tsopano mukufuna thumba lonse likhale mbasela?”

A Nicodemus anaseka pang'ono, n'kunena kuti omaliza sukulu ndi ambiri, ena angathamangire mwayi umenewu. Mayiwo anati ndiye atenge othamangawo, wawo sathamanga. Anadula foni.

Anamuuza Salome kuti munthuyo aimbanso asanamange matumba. Anamanga matumba, foni ili zii. M'mawa mwake anaisiya pamwamba pa nyemba kuti aimve. Inalira kamodzi, koma anali wa ku Mpulungu kunena kuti lole yafera m'njira.

Themba atabwera kumapeto kwa sabata anafunsa ngati alipo anaimba. Amake anafotokoza zonse, mutu uli m'mwamba, kuti amugwirira mtengo. Mnyamatayo sanakalipe. Anangokhala pampando, manja pakati pa maondo, n'kunena kuti masiku ano khomo ndi lomwelo, umalowa waulere, ukakhala m'kati ndiye amakuona. A Gordon ali pakhonde anaponyapo kuti kale mgodi unkadzakutenga wokha pasukulu. Akazi awo anawauza kuti kalelo akaliphike adye.

Lolemba amake Themba anachita chimene sanachitepo chiyambireni malonda: kulondola wogula. Anagula mayunitsi, anazembera kuseri kwa mabenchi a makala kuti Salome asamve, n'kuimba. A Nicodemus anayankha mwaulemu kuti malo aja alowapo kale mtsikana wa kalasi imodzi ndi Themba. Mayiwo anatsitsa. Anati ya basi asamupatse, aona okha. Anatsitsanso, nkhomaliro azinyamula kunyumba. Bamboyo anapepesa, anati kompyuta yopanda munthu inali imodzi.

Madzulo anamupeza Themba akulongedza zovala kubwerera ku Kitwe. Anamuuza mosazungulira kuti achotse nambala yawo pachinthu chakecho. Themba anafunsa kuti aikepo ya yani. Wailesi ya a Gordon inkanena za mgodi wina umene watseka.

“Ikhale pomwepo, amama. Koma wina akaimba, mungoti inde.”

“Inde, ndisanamve mtengo?”

“Inde basi.”

Amake anayesa kulitchula liwulo chamumtima, linakana kutsika ngati mbatata youma.

Kutacha anayala malonda monga mwa masiku onse, foni pamwamba pa nyemba. Kunabwera mayi wina, anatapa kapenta, ananunkhiza, natchula mtengo wachipongwe. Pakamwa pa amake Themba panakana pokha iwo asanaganize. Mayi uja anapukuta manja n'kumapita. Iwo anamuperekeza ndi maso, kudutsa ogulitsa tomato, kudutsa a makala, mpaka anasowa pakati pa maminibasi. Anadikirabe pang'ono, kenako anakhala pansi n'kuyang'ana ngati foni ili ndi moto.