Mpeni wa dzanja lamanzere

A Lumo anagwira ntchito pa nazale ya mitengo ya zipatso zaka makumi atatu ndi chimodzi. Dzinali sanabadwe nalo, anawapatsa ndi anzawo chifukwa cha kachekedwe kawo. Ntchito yawo inali yomezanitsa mitengo. Ankatenga kanthambi ka mtengo wobereka bwino, kukacheka mopendeketsa kamodzi kokha, kuchekanso tsinde la mbande, kenako kugoneka mabala awiriwo pamodzi n'kumanga ndi pulasitiki. Mabalawo akapanda kugonerana bwino, kanthambi kamauma. Ta a Lumo sitinkauma.

Sitiroko inawapeza m'mawa wina ali chiweramire pa machubu a mbande. Atatuluka m'chipatala mwendo unabwerera, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja linangobwerako theka. Linkatha kupana kamtengo pabondo, basi. Mpeni linkautaya.

Abwana anadikira miyezi inayi, ndiye sitingawanene kuti ndi munthu wopanda mtima. Komabe tsiku lina anatumiza kapitawo kudzanena kuti Lolemba a Lumo akamezanitse mbande makumi awiri kapitawoyo akuona. Zikatheka, ntchito ilipo. Zikakanika, ntchito yatha, ndipo nyumba ipite nayo limodzi, poti zipinda ziwiri zija kuseri kwa thanki ya madzi zinali za nazale.

Mkazi wawo, amene aliyense ankangomutchula kuti amake mapasa, anamva uthengawo ali pakhomo ndi beseni la zochapa. Anathokoza kapitawo mwaulemu, n'kulowa m'nyumba. Mapasawo anakula kalekale, wina kuno wina uko, aliyense m'kachipinda kake ka lendi. Kopita kunalibe, ndipo mayiyu anachita mantha.

Miyezi yonseyi a Lumo ankaphunzitsa dzanja lamanzere. Ankakhala kuseri kwa nyumba ndi mpeni wakukhitchini, kucheka timitengo mpaka zipalapala kufika m'akakolo. Mpeni wawo wakale wantchito unali wopinda, ndipo wopinda umafuna manja awiri. Anayesa kuutsegula ndi mano, dzino linabenthuka. Anayesanso, unawatsekera pachala. Anauponya m'dirowa osautchulanso.

Lachisanu ananena kuti, “Mayi, tiperekezane kutauni. Ndikufuna mpeni wosapinda.”

Sitolo ya zitsulo inali yopapatiza, yonunkha penti ndi mphira, mawilibala atapachikidwa kudenga moti munthu wamtali ankayenda chowerama. Mipeni inali pansi pa galasi la kauntala, pakati pa maloko ndi matochi. Mwini sitolo, mayi wa magalasi olendewera pachingwe, atangomva za mpeni wosapinda anatulutsa chimpeni chotalika ngati mkono wa mwana, chokhala ndi mano a sowo kumsana.

“Uwu ndi umene akukonda anthu opita kutchire masiku ano,” anatero.

“Kodi ndanena kuti ndikupita kunkhondo, mayi?”

Mwini sitolo anaseka n'kuyala ina isanu pansalu. Amake mapasa anaima pambali atakumbatira chikwama. Amuna awo anali asanayankhulepo mawu ambiri chonchi chituluke m'chipatala, ndipo anaopa ngakhale kutsokomola kuti angawasokoneze.

A Lumo anayamba kuyeza uliwonse ndi chala chapakati. Wotalika kuposa chalacho anaukankhira kumbali, akuti mpeni woyenda nawo tsiku lonse usamakubaye ntchafu ukanjuta. Wa chigwiriro chapulasitiki chonyezimira anaunyowetsa ndi thukuta la m'dzanja n'kupukusa mutu, poti pa nazale manja sauma. Wina anautembenuza n'kuonetsa mkazi wawo.

“Mukuona apa? Chitsulo chathera pakati pa chigwiriro. Tsiku lina udzathyokera m'manja. Chitsulo chiyenera kutuluka mpaka kumatako, misomali itatu kuchigwira.”

Inatsala iwiri. Umodzi unali wosachita dzimbiri, wowala bwino. Winawo unali wotuwa, wa chigwiriro chathabwa chonenepa, msana wake wokhuthala moti chala chachikulu chinkakhalapo bwinobwino. Mwini sitolo anachenjeza kuti wotuwawo ukaugoneka wonyowa udzuka wofiira.

“Ndikudziwa. Koma chitsulo chochita dzimbiri chimamva nolo. Wowalawo ndi wa anthu aulesi.”

Kenako anapempha chimake. Chinali chachikopa. Analowetsa mpeni, kuzondotsa chimakecho n'kuchigwedeza, mpeni sunagwe. Anachimangirira palamba kumanzere, amake mapasa n'kuwathandiza pa chomangira, ndipo anasolola ndi dzanja limodzi, kubwezera, kusolola, kubwezera, kasanu konse. Anthu amene ankadikira misomali kumbuyo anayamba kung'ung'udza. A Lumo analibe nazo kanthu. Pomaliza anaupendeketsa kuwala kwa pakhomo n'kuyang'ana kukamwa kwake nthawi yaitali.

“Wanoledwa mbali zonse ziwiri,” anatero chapansipansi. Kenako analipira.

Mawu amenewo ndi amene anamudya mutu mayiyu m'basi monse. Zaka makumi atatu anakhala akumva nyimbo imodzi, yakuti mpeni womezanitsira umanoledwa mbali imodzi yokha, inayo imakhala yafulati, ndipo wonola mbali ziwiri ndi wodulira anyezi. Tsopano munthu yemweyo akukaima pamaso pa kapitawo ndi mpeni wa anyezi? Anaganiza kuti amuna awo angochita manyazi kupempha, poti kusintha kukamwa kwa mpeni ndi dzanja limodzi panolo ndi ntchito ya sabata yathunthu. Anawamvera chisoni kwambiri.

Lamulungu masana a Lumo anamwa mapiritsi awo n'kugona, monga ankachitira. Amake mapasa anasolola mpeni m'chimake, kuukulunga m'kansalu, n'kuthamanga kumsika. Kuseri kwa ogulitsa nyama kunali mkulu wonola mipeni, wa makina opalasa ndi phazi, amene ananolera a Lumo kuyambira ali mnyamata.

“Alamu, mwasowatu. A Lumo ali bwanji? Tinamva kuti anagwa.”

“Anachira, alamu. Mawa akuyamba ntchito.”

“Kuchiriratu?”

“Kuchiriratu. Simungadziwe n'komwe kuti anadwala.”

Bodza limeneli analinena kwa aliyense, kutchalitchi, pampopi, ngakhale kwa mapasa pafoni. Sankafuna kuti anthu azimuyang'ana mwamuna wake ndi maso a chisoni. Za dzanja lamanzere sanatchule, ndipo kunena zoona sizinamubwerere n'komwe m'mutu kuti zikukhudzana ndi mpeni.

“Ndiunole bwanji?”

“Monga mwa nthawi zonse. Mbali imodzi.”

Mkuluyo anagwira ntchito yake ndi mtima wonse. Anadya chitsulo pang'onopang'ono, akuviika m'madzi kuti chisapse, anamaliza ndi mwala wosalala ndi chikopa, n'kumeta nawo ubweya wa pamkono pake. Ndalama anakana. Anati imeneyo ndi moni wake kwa mnzake.

Amake mapasa anabwezera mpeni m'chimake amuna awo asanadzuke. Za kunolako sanawauze. Ankafuna kuti akauone okha kuntchito, adziwe kuti kunyumba kuli munthu amene amamva zimene iwo amayankhula. Madzulo amenewo anaimba nyimbo akutsuka mbale, koyamba chiyambire matenda. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chikanavuta n'chiyani kudzutsa munthu n'kumufunsa?

Lolemba a Lumo anavala ovololo yochapa, anamwa tiyi theka, anamanga lamba n'kutuluka. Mayiyu anasesa pabwalo posesa kale. Nazale inali kuseri kwa mpanda, ankamva mipope ikuthirira ndi wilibala ikulira, koma sankaona kanthu.

Anabwera dzuwa lisanafike pamutu. Anakhala pampando wa pakhonde, anavula nsapato imodzi, inayo n'kuiiwala.

“Zayenda bwanji, bambo?”

“Atipatsa mwezi umodzi kuti tisamuke.”

Anamasula lamba ndi chimake chomwe n'kuika pazenera. Amake mapasa anafuna kufunsa za mpeni, koma angafunse bwanji za mphatso nyumba itapita? Analowa kuchipinda n'kulira chinunu, nkhope atakwirira m'pilo kuti asamveke.

Masiku otsatira anali a makatoni. Anapempha kugolosale, ena a sopo, ena a mafuta ophikira, nyumba yonse inayamba kununkha sitolo. Mchemwali wa mayiyu anavomera kuwapatsa chipinda chimene ankasungiramo njinga ndi matumba, mopanda chimwemwe kwenikweni. Kabati sikanakwana kumeneko, tebulo lomwe. Anzawo a pantchito ankadutsa mofulumira, moni akupereka ali chiyendere. Kapitawo anabwera kamodzi kudzawerenga mazenera ndi makiyi, ndipo anauza amake mapasa pambali kuti zinamupweteka mtima. Anati mbande makumi awiri zonse mabala ake anali okumbika ngati supuni, ndipo iye anayang'ana kumbali kuti mkuluyo asachite manyazi. A Lumo ankangokhala pakhonde, dzanja lamanja lili pamwendo, osachekanso timitengo.

Lachinayi la sabata yachiwiri mayiyu anati atengeko nthambi za maluwa ake a kuseri kwa nyumba, akayese kudzala m'zitini. Mipeni yakukhitchini inali italowa kale m'katoni, choncho anatenga wa pazenera uja. Anacheka nthambi yoyamba. Mpeni unangotsetsereka wokha, bala losalala ngati galasi. Anacheka yachiwiri, yachitatu, mpaka anadabwa kuti mpeni wokoma chonchi unawakanika bwanji amuna awo.

Nthambi ina inali pakona, kumene dzanja lamanja silikanafika chifukwa cha thanki. Anasinthira mpeni kumanzere. Unaluma khungwa n'kutumphukira kunja. Anati mwina ndi kusazolowera, anadula nthambiyo, anakhala pansi, anaipana pabondo monga ankachitira amuna awo, n'kucheka mosamala. Mpeni unalowa, unakhota wokha, unatuluka. Bala linali lokumbika pakati. Anayesa kanayi. Kenako anautembenuza n'kuyang'ana mbali yafulati ija, ndipo anaona kuti ukaugwira kumanja mbaliyo imagona pamtengo, ukaugwira kumanzere imayang'ana kumwamba.

Anakhala pamenepo kanthawi, nyerere zikumukwera m'miyendo, kenako anadzuka n'kuzungulira nyumba.

“Bambo, mpeni uwu ndi wa dzanja lamanja.”

A Lumo sanatembenuke. “Eya.”

“Ndinaupititsa ndine kwa alamu onola aja, inu mutagona. Ndinawauza kuti anole monga mwa nthawi zonse.”

“Ndinadziwa. Kanoledwe kake ndimakadziwa ngati nkhope yanga.”

“Munaona liti?”

“Pageti. Ndinausolola ndisanalowe.”

Apa mayiyu anapsa mtima, ndipo mkwiyowo unasakanikirana ndi manyazi moti mawu ankatuluka mothithikana. Anawafunsa chifukwa chimene sanabwerere kudzatenga wakukhitchini, pakhomo pali pafupi chonchi. Anafunsa chifukwa chimene sanauzire kapitawo, munthu woti anamuphunzitsa okha ntchito, amene akanawapatsa tsiku lina mosavuta. Anati pafupifupi masabata awiri akhala akumuyang'ana akumanga makatoni, osamukalipira, osamutukwana, kumusiya ngati chitsiru.

“Ndikupita pompano kwa abwana,” anatero akumanga mpango. “Ndikagwada. Ndikanena kuti wolakwa ndine. Alamu aunolanso lero lomwe, mbali yoyenera, mawa mukayesenso.”

“Khalani pansi, mayi.”

“Sindikhala.”

“Khalani pansi ndikuuzeni.”

Anakhala pa katoni ya mbale, mpeni uli m'manja. A Lumo anayamba, maso ali kumpanda.

“Timitengo tija ndinkacheka kuseriku, munkationa?”

“Ndinkasesa ndine.”

“Munkasesa zipalapala. Timitengo take ndinkataya m'dzenje musanabwere. Pa khumi, tabwino tinkakhala tiwiri. Tsiku labwino titatu. Miyezi inayi, mayi, osasuntha. Dzanjali silimva. Kusitolo kuja ndinkangovutitsa mayi uja, ndinkadziwa kuti palibe mpeni umene ungandithandize.”

A Lumo anapitiriza.

“Nditausolola pageti paja n'kuona zimene munachita, mtima unakhala pansi. Ndinayamika. Ndinati lero ndilephera, koma ndikhala ndi chonamizira, ngakhale ndizidzinamiza ndekha. Mukapita kwa abwana andipatsa tsiku lina, ndi mpeni wabwino, anyamata onse amene ndinawaphunzitsa ataima mozungulira. Ndiyeno ndikalephera ndidzati chalakwa n'chiyani?”

“Nanga nyumba?”

“Nyumba inapita tsiku limene ndinagwa. Ndikupempheni chinthu chimodzi. Musaunolenso.”

Kuseri kwa mpanda wina anatseka mpope, ndipo kunakhala zii. Amake mapasa anayang'ana mwamuna wake, tsitsi loyera m'mbali, kolala ya malaya yopindika imene sakanatha kuikonza yekha. Geti la abwana linali pafupi, akanafika madzi a tiyi asanawire. Mwina pa makumi awiri zikanatheka zisanu ndi chimodzi, mwina abwana akanamva chisoni. Anaganiza zonsezi ndipo sanadzuke.

Madzulo mwana wawo wamkazi, mmodzi wa mapasa aja, anaimba foni kufunsa kuti chinachitika n'chiyani kwenikweni, poti anamuuza kuti bambo anachira. A Lumo anali pakhomo pomwepo, akumva.

“Bambo ako alibe vuto,” anatero amake mapasa. “Ndinawawonongera mpeni ndine.”

Mwanayo anawakalipira mayi ake mpaka foni inatentha kukhutu, ndipo iwo anangomvetsera osadziteteza.