Basiya la pa Maliro a Cosme

Mtsinje unasefukira Lachiwiri, chaka chachitatu chibwerere kuno ku Mitande kuchokera ku Malawi. Unatenga chimanga, unagwetsa zigafa za fodya, ndipo zimbudzi zonse za kumunsi unazikokolera m'zitsime zathu. Mlatho wopita ku Mandimba nawo unapita, moti amuna anga madzi anawatsekereza ku Cuamba. Pofika Loweruka, mlamu wanga Cosme anayamba kutsegula m'mimba, madzi okhaokha oyera ngati otsukira mpunga. Lamulungu m'mawa tinamva kulira.

Anthu ankati anadya bowa woipa. Ine Anastaziya ndinangoti chamumtima, bowa wanuyo ndimamudziwa, dzina lake ndi kolera. Ndinakumana naye ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi kuja, ndipo ananditengera mwana wanga woyamba, Pemphero. Ananditsalira mmodzi yekha, Temwani, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ameneyu ndinalumbira kuti sindimupereka.

Anthu atapita kumanda ine ndinatsala. Nkhuni zonse zinali zonyowa, choncho ndinaphwasula nkhokwe yathu, poti inalibenso choti isunge. Ndinawiritsa madzi ndowa zitatu, ndikutenga kaneka, kapu yathu yotungira, phulusa, ndi kachidutswa ka sabau, sopo amene ndinkabisa kudenga.

Kwathu, pobwera kumanda, anthu asanadye amasamba m'manja m'basiya limodzi. Amayamba akuluakulu, kenako adzukulu okumba manda ndi osambitsa mtembo, amayi pambuyo, ana kumapeto. Basiyalo likamafika kwa ana, madzi amakhala atasanduka phala. Ndi mwambo waulemu, sindikana. Koma ku kampu kuja, pa maliro a mnansi wathu, womaliza kusamba anali Pemphero.

Nditafika pasiwa ndi ndowa zanga, basiya linali litayamba kale ulendo. Bambo Custódio, mkulu wake wa malemu, anali atasamba, amuna ena anayi atasambanso. Ndinaona Temwani atakhala ndi anzake pansi pa mango, akudikira nthawi yawo. Sindinapemphe njira. Ndinalanda basiya lija n'kulikhuthulira m'dzenje kuseri kwa nyumba.

Kulira kunaleka ngati wina watseka chitseko.

"Mayi, mwapenga kodi?" anatero a Custódio ataimirira. "Pa maliro a m'bale wanga? Ndiye kuti manja athu akukunyansani?"

"Sakundinyansa, alamu, akundiopsa," ndinatero. "Chamupha Cosme chili m'manja mwa aliyense amene wamugwira. Basiya ili likuchigawira mudzi wonse."

"Makolo athu ankasamba chonchi, sanathe!"

"Makolo athu zimbudzi sizinawalowere m'chitsime."

Wina anatulutsa kaphwete, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Mayi wina anang'ung'udza kuti ku kampu ndinakaphunzirako mwano. Ananena zoona pang'ono, pakamwa panga palibe chitseko. Koma tsikuli ndinkadziwa kuti mkazi wonyoza maliro a kuchimuna akhoza kuuzidwa kuti alongedze.

Ndinagwada pakati pa bwalo, kaneka kudzanja lamanja, sabau kumanzere. "Wakutsina khutu ndi mnansi," ndinatero. "Ine ndinaika kale mwana mmodzi chifukwa chokhala chete. Mundithamangitse mawa, koma lero bwerani mmodzimmodzi, ndikuthirireni madzi owiritsa, agwere pansi apite."

Palibe anasuntha. Ndinakhala chogwada mpaka mawondo anayamba kuwawa, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti ngakhale dzuwa lilowe sindidzuka.

Kenako mphasa ya pakhomo inasuntha. Anatuluka Maria, mkazi wa malemu, amene sankayenera n'komwe kutuluka m'nyumba tsiku limenelo. Anayenda mozandima mpaka pamene ndinali, n'kutambasula manja ake onse awiri.

"Yambani ine, mulamu," anatero ndi mawu osasa. "Manja awa ndi amene amupukuta usiku wonse. Ndipo ndili ndi mwana kubere."

Ndinamuthirira uku misozi ikunditsika. Anatikita sabau mpaka m'zikhadabo, sanafulumire. Atamaliza anatembenukira kwa a Custódio n'kuwayang'anitsitsa.

A Custódio anakhosomola, anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Kenako anabwera, anawerama, n'kupinda manja a malaya. "Thirani," anatero. "Komatu muthire bwino, osati kundinyowetsa nsapato." Analibe nsapato, koma sindinawayankhe. Nanenso nthawi zina ndimadziwa kutseka pakamwa.

Mzere unayenda monga mwa mwambo. Sabau atatha tinagwira phulusa. Ndisanathe ndowa yachiwiri, a Custódio anali atatuma kale amuna awiri kukatchinga chitsime cha kumunsi ndi minga, ndiponso kukathyola denga la chigafa chawo kuti tipeze nkhuni zouma.

Temwani anali womaliza, monga ana amakhalira. Anatambasula timanja take, ine n'kupendeketsa kaneka. Madzi amene anamugwera anali oyera ngati a munthu woyamba.