Nkhope ya Pakhomo ya a Manijala

A Manijala atatsala pang'ono kupuma pantchito pa fakitale ya sopo, anada nkhawa kuti anthu adzavutika kukhala osawaona. Chithunzi cha kamera anachikana, amvekere chimenecho n'cha pa chiphaso. Ankafuna cha penti, chojambulidwa iwo eni atakhala pompo.

Anapeza mayi wina wojambula, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsapato. Munali mipando iwiri, zitini za maburashi ndi fungo lolasa m'mphuno. Mayiyo anali ndi kachitidwe kake.

"Ine musandiyang'ane," anatero. "Munthu akamayang'ana mlendo amavala nkhope ya ku banki. Mubwere ndi munthu amene munamuzolowera, muziyang'ana iyeyo."

A Manijala anatenga akazi awo, monga munthu amatengera ambulera.

Amayiwa anali atatha zaka makumi atatu akuuza abale awo kuti bambowa ali ndi kayang'anidwe kena kamene amasungira iwo okha. Samenya, satukwana. Amangokuyang'ana ngati ntchentche yagwera mu tiyi. Palibe ankakhulupirira, poti kunja a Manijala anali munthu wa mano poyera. Achemwali awo aakulu ankati, "Mwakhuta inu. Anzanu akulira amuna oledzera, inu mukulira maso?"

Masiku asanu anakhala moyang'anizana. Tsiku loyamba a Manijala anamwetulira mpaka masaya kuwawa. Lachiwiri anatopa.

"Iwe, takhala bwino. Wakhala ngati thumba la makala."

"Ndakhala bwino, bambo."

"Nanga kapumidweko? Wakwera phiri?"

Apo burashi inayamba kuthamanga. Wojambula sanakongoletse kanthu. Anapaka kobiriwira m'mbali mwa mphuno, mlomo wam'munsi unagwera mbali imodzi, maso anatsinzina theka. Tsiku lachisanu a Manijala atatuluka kukayankha foni, amayiwa anazungulira kukaona chithunzicho. Anaima nthawi yaitali, chikwama ali nacho pachifuwa.

"Nanunso mwaziona eti?" anafunsa chapansipansi.

"Ndimajambula zimene zili pamaso panga, mayi," anayankha wojambula, akupukuta burashi.

Madzulo omwewo akazi a Manijala anaimbira foni achemwali awo kuti asalephere kubwera pa mwambo wotsanzikana. Anawatumiziranso galimoto. Sankafuna zambiri, koma kuti munthu mmodzi wa magazi awo aone, anene kuti munkanena zoona.

Pa tsikulo, mu holo ya fakitale, anavundukula chithunzi. Amayiwa sanayang'ane kukhoma, anayang'ana achemwali awo.

Wapampando wa bodi ya fakitale anakhosomola. "Koma abale," anatero, "mtsogoleri ndi ameneyu. Taonani masowo. Munthu wosalola zopusa." Anthu anaomba m'manja, kuyambira a kutsogolo mpaka a kumbuyo amene sankaona n'komwe.

Achemwali aja anagwira amayiwa pamkono. "Mwawaona alamu anga? Ulemerero wokhawokha. Koma pamenepa ankayang'ana ndani? Wakuba sopo?"

"Ine."

"Aa, inunso. Chilichonse mumafuna chikhale cha inu."

A Manijala anachikonda chithunzicho moti anati pa fakitale chingangodya fumbi pakati pa anthu osadziwa luso. M'mawa mwake anafika nacho kunyumba pamodzi ndi kalipentala, nalowa m'chipinda chodyera. Anatsitsa wotchi yapakhoma kuti papezeke malo.

"Iwe, takhala pampando wako tione."

Amayiwa anapukuta m'manja, anakhala.

"Kweza pang'ono," a Manijala anauza kalipentala. "Kumanzere. Ayi, wapitirira. Chikukuyang'ana, iwe?"

"Chikundiyang'ana, bambo."

"Khoma pomwepo. Ngakhale ndichokepo, sukhala wekha."