Manambala Anayi a pa Tayala

Patatha sabata chiikireni mwana wake Thandizo m'manda, Lazaro anakunkhuniza tayala la galimoto yake, lija linaphulika n'kumuphera mwanayo, mpaka kwa Rex, womata matayala pa Dyeratu.

"Mizere yake inali yakuya bwinobwino," anatero Lazaro. "Ndinapisamo chala ndekha pogula."

Rex anapukuta fumbi m'mbali mwa tayalalo n'kuloza manambala anayi: 1409.

"Achimwene, apa analemba kubadwa kwake. Linapangidwa sabata ya 14, chaka cha 2009. Tayala limakalamba ngakhale lisanathe, ndipo kutentha kwathu kuno kumangolimalizitsa."

Lazaro anayang'ana manambalawo. Kenako anawerenga zaka ndi zala pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti Thandizo anali wamng'ono kwa tayalali ndi zaka zitatu," anatero.