Nkhongo ya Marielle

Zaka zitatu ndakhala ndikuyang'ana nkhongo ya Marielle Comeau, m'mawa ndi masana, moti ndikhoza kukujambulirani kachipsera kali pansi pa tsitsi lake ndili chitsinzinire. Mu kayaki, kabwato ka mpikisano ka anthu awiri, wakumbuyo saona china. Wakutsogolo ndiye amayambitsa kapalasidwe, ndiye amawongolera bwato ndi mapazi, ndiyenso amaoneka pa zithunzi. Wakumbuyo, amene ndi ine Ainsley MacIsaac, ntchito yake n'kukankha basi.

Mpando wakutsogolowo unali wanga mpaka tsiku limene kochi wathu, a Purcell, anatisinthanitsa. Zimenezo ndikanapirira. Koma titapambana mpikisano wa Canada yense, nyuzipepala ina inatulutsa chithunzi cha Marielle akumwetulira, pambali pake pakuoneka chigongono changa chokha. Marielle, mwana wa eni ake, anachiika m'felemu n'kuchipachika m'nyumba ya kalabu, pamwamba pa ketulo, kuti ndizichiona ndikamatereka madzi a tiyi. Kuyambira pamenepo sitinkamwerana madzi. Mawu athu anali awiri okha, "tiye" ndi "ima".

Koma bwato linkathamanga. Ine ndinkapalasa ngati ndikufuna kumupeza ndimuwombe mbama, iye ankapalasa ngati akudziwa zimenezo. Nkhafi zathu zinkalowa m'madzi nthawi imodzi ndendende, ndipo mamita 500 tinkawamaliza pa mphindi imodzi ndi masekondi 40.

Kenako mpikisano wa dziko lonse lapansi unabwera kwathu, pa nyanja ya Banook. Mabwato asanu ndi limodzi oyamba ankapeza malo ku Olimpiki. Ine ndinali ndi zaka 31, bondo limodzi likulira kale, ndipo ndinkadziwa kuti ndikaphonya pamenepa basi, kwanga kwatha.

Akuluakulu a bungwe lathu, anthu amene madzi amangowadziwa a m'bafa, anaona vuto lina. Ati atsikanawa sasekererana pa kanema, otithandiza ndi ndalama akudandaula. Anatibweretsera Dokotala Fenwick, katswiri wa umodzi, bambo wovala nkhwayira ngakhale kukuzizira, wolankhula ngati akugoneka khanda.

"Gwiranani manja," anatero. "Yang'anani m'maso mwa mnzanu mphindi zisanu."

Aka kanali koyamba kuti ndimuonetsetse Marielle kumaso. Ndinadabwa kupeza kuti ali ndi nkhope ngati munthu wina aliyense.

Sabata yachitatu Dokotala anatiuza kuti tilemberane makalata. Yanga inali mizere inayi. Marielle anawerenga yake masamba awiri. Anapepesa za chithunzi chija. Anati kutsogolo n'kosungulumwa, kuli mphepo ndi madzi okhaokha, ndipo chimene chimamulimbitsa mtima n'kumva ine ndikupuma kumbuyo kwake. Analira, nanenso ndinalira mpaka mamina. Tsiku lomwelo chithunzi chinatsitsidwa n'kuponyedwa m'kabati ya zotsukira.

Apa ndiye madzi anachita katondo. Ndinayamba kumvera chisoni phewa lake lopweteka, n'kumachepetsa mphamvu. Iyenso pakati penipeni pa liwiro ankafunsa, "Uli bwino kumbuyoko, mnzanga? Ndisakuthamangitse." Aliyense ankadikira mnzake ngati anthu aulemu akumana pakhomo.

A Purcell anayang'ana wotchi yawo, anaigwedeza, anayang'ananso. "Inu atsikana, mukupalasa kapena mukupita kokaona abakha? Masekondi awiri athunthu mwawataya kuti?"

"A kochi, manambala si zonse," anatero Dokotala. "Taonani mmene akusekererana."

"Akasekererane ku Olimpiki, ngati akafikeko pa basi."

Semifainolo tinadutsa mwamwayi, kansonga ka bwato kokha. Titafika pa doko Marielle anandikumbatira n'kundiuza kuti ndayesetsa, ine ndinamuuza kuti nayenso wayesetsa. A Purcell anavula chipewa n'kuchiluma.

Tsiku la fainolo gombe lonse linadzaza. Amayi anga anali pamenepo ndi belu lawo la ng'ombe. Mabwato asanu ndi anayi anandanda, nsonga iliyonse yalowa m'kachipata koyambira. Kumanzere kwathu kunali a ku Hungary, akazi awiri okwinya nkhope amene mwina sanapatsanepo moni chibadwire. Ndinawasirira.

"Ainsley," anatero Marielle osacheuka.

"Ee, mnzanga?"

"Kalata ija sindinalembe ine. Analemba a Fenwick, ine ndinangokopera."

"Ukuti chiyani iwe?"

"Misozi ija ndinadzola mafuta otentha a paphewa m'munsi mwa maso. Iwe ndiye unalira zenizeni, mamina mbwee! Ndipo chithunzi chija ndikuchipachikanso Lolemba. Chigongono chako chinatuluka bwino kuposa nkhope yako."

Ndisanayankhe, kachipata kanagwa.

Za mpikisanowo ndilibe zambiri zoti ndikuuzeni, chifukwa sindinauone. Belu la amayi sindinalimve. Ndinkangoona kachipsera kaja, ndipo ndinkakafuna. Nkhafi iliyonse ndinkati ino ndiye ndimupeza, koma mfiti ija inkandithawa ndi bwato lomwe. Pa mamita 400 bondo linayaka moto, ine ndinakuwa, "Thamanga, wabodza iwe!" Iye anakuwa, "Kankha, gogo!" Tinamaliza pa nambala 4. Malo a ku Olimpiki anali athu.

Pa doko tinapeza Dokotala atafika kale kutsogolo kwa kamera, atavala jekete ya timu imene sindikudziwa anaitenga kuti.

"Mwaona mphamvu ya chikondi," ankauza mtolankhani. "Njira yanga ndi ya makalata. Ine sindiwalemba, sindiwakonza, sindiwagwira n'komwe. Aliyense amalemba yekha za mumtima mwake."

Munthu uja anali wopusa, koma bodza sankalitha. Ndiye kuti kalata ija Marielle analemba yekha. Ndinatembenuka kuyang'ana Marielle. Anali atawerama akupukuta bwato louma kale, makutu atafiira. Mtima wanga unasungunuka pomwepo, ndipo ndinachita mantha, chifukwa ndinkadziwa mtengo wake pa wotchi ya a Purcell.

"Marielle," ndinatero, "kalata ija..."

"Usayerekeze," anandidula, osadzutsa mutu. "Olimpiki ndi chaka chamawa. Nyamula kumbuyoko, ndi malo ako."

Tinanyamula bwato osalankhulana mpaka kokaliyeza pa sikelo monga mwa lamulo la mpikisano.

Lolemba ndinalawirira ku kalabu anthu onse asanafike. Ndinatsegula kabati ya zotsukira, ndinapukuta fumbi pa felemu ija ndi malaya anga, ndipo ndinaipachika ndekha pamwamba pa ketulo.